Tifunseni: Yureya wawotcha chimanga changa, kodi anali wabodza?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Ine ndimalima kuno ku Chonde ku Mulanje. Chaka chatha ndinathira yureya chimanga chili m'mawondo, mvula inali itadula sabata imeneyo koma ndinati bola ndithire ikadzabwera idzapeze alimo kale. Patangopita masiku atatu masamba kuyamba kufota, m'mphepete kuuma ngati apsa ndi moto pomwe cha aneba chili bwinobwino. Anandigulitsa wabodza kapena pali dzanja la munthu? Mlimi wodandaula, Chonde.

YANKHO: Bambo, anebawo asiyeni kaye, ndipo fetelezayo ndikuona ngati anali weniweni ndithu, ngakhale weniweni amatha kuwotcha chonchi. Nkhani ili ku mizu.

Chimanga chija, inu, ine, nkhuku zanu, tonse tinamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Dzinali analiyambitsa ndi Robert Hooke wa ku England mu 1665 atayang'ana kachidutswa ka khungwa la mtengo pa maikulosikopu nkuona timabokosi tondondozana. Selo la chomera lili ndi khoma lolimba kunja, koma khomalo madzi amangodutsa, sililetsa kanthu. Mlonda weniweni ali mkati mwake, kanembanemba kopyapyala zedi kopangidwa ndi mizere iwiri ya mafuta, koti mutasanjikiza 10,000 ndiye mwangofika pa makulidwe a pepala limodzi la kope. M'kanembanembamo muli mapuloteni omwe ali ngati timageti, kena kamadzi kena ka potaziyamu, sikuti aliyense amangolowa ayi.

Tsono madzi ali ndi khalidwe lake, amathamangira mbali yomwe kwasungunuka zinthu zambiri, kaya ndi mchere kaya shuga. Ana a sekondale amati osmosis. Yesani madzulo ano, dulani nanazi wathu wa kuno muwaze shuga pamwamba, kapena nkhaka muwaze mchere, mungodikira pang'ono muona mbale yanyowa chonsecho simunathire madzi. Atuluka m'maselo amenewo.

Masiku onse mkati mwa muzu ndi momwe mumakhala "mchere" wambiri kuposa m'dothi ndiye madzi amalowa okha, maselo nkufufuma kukankha khoma lija, nchifukwa chake chimanga chokhuta madzi chimaima njo. Inu munabwera ndi yureya, amene ndi wamphamvu, nayitrojeni 46 pa 100, nkumuthira padothi louma mwinanso patsinde penipeni, timadzi tochepa tomwe tinalipo tinasanduka msuzi wowawa mchere ndiye zinthu zinatembenuka, m'malo moti muzu umwe, dothi ndi lomwe linayamba kumwa muzu. Kuwonjezera apo yureya akamaphwanyika m'dothi amatulutsa amoniya yemwe naye amapweteka timizu tanthete. Koma kupsa munakuonako kwenikweni ndi ludzu.

Chaka chino dikirani chinyontho, boolani kadzenje ndi kamtengo masentimita ngati 10 kuchoka patsinde, thirani mukwirire. Zongomwaza pamwamba dzuwa lili phwee zija ndi kutaya ndalama, ndipo mtengo wa thumba masiku ano inu mukuudziwa kuposa ine.

FUNSO: Mwana wanga anatsegula m'mimba, kuchipatala anandipatsa ORS. Ndinadabwa kumva kuti muli mchere, si mchere womwewo umaumitsa nsomba? Mayi wa ku Bvumbwe, Thyolo.

YANKHO: Mayi mwafunsa zanzeru, ndipo mantha anuwo ali ndi pogwira. Mchere ukachuluka m'matumbo umakokadi madzi kuchoka m'thupi ngati zachimanga zija, nchifukwa chake paketi ya lita imodzi musamasungunule m'kapu ati kuti ikhale yamphamvu, ayi ndithu, lita yathunthu ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala.

Koma pa muyezo wake zimayenda mwina. Maselo a m'matumbo ali ndi kageti kena kodabwitsa kamene sikalola sodiyamu wa mumchere kulowa yekha, mpaka abwere limodzi ndi shuga wa gulukosi, ngati mlonda wa pa esiteti ya tiyi wokana kutsegula mpaka awiri nonse mufike. Awiriwa akalowa madzi amawalondola pambuyo. Kuseri kwa maselowa kuli pampu yomwe imatulutsa sodiyamu atatu nkulowetsa potaziyamu awiri ulendo uliwonse, iyi imadya mphamvu, sizaulere ngati osmosis, ndipo Jens Skou wa ku Denmark amene anaitulukira mu 1957 anadzalandira nayo Nobel mu 1997. Ubwino wake kageti ka sodiyamu ndi shuga kaja kamagwirabe ntchito ngakhale munthu ali ndi kolera.

Ndiye sobo kapena fanta sizilowa m'malo mwa ORS, shuga wachulukitsa mchere wachepetsa. Mwanayo muzimumwetsa pang'onopang'ono, kuyamwitsa osasiya, ngati anakupatsaninso mankhwala a zinki amalize masiku onse amene anakuuzani, ndipo akayamba kukana kumwa, maso kulowa mkati kapena kungofooka, bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo.