Makina agwirizana, ife ku Mbare tikukanganabe

Mayi wina wa ku Dzivarasekwa, muno mu Harare ku Zimbabwe, wandilembera imelo. Akuti anafunsa ChatGPT ndi Gemini, makina oyankha mafunso pa intaneti aja, ngati angayambe waimitsa ndalama zopita kwa apongozi ku Dedza kuti alipire fizi ya mwana, makina onse ayankha zofanana, koma amayi a kumpingo agawanika pawiri. Ndiye kodi makinawa akutiposa podziwa chabwino ndi choipa?

Mayi, mwandiponda pachilonda. Chaka chatha malume atatisiya ku Mbare tinachezera pa siwa tikukangana, ena akuti thupi lipite kwawo ku Ntcheu kudzera ku Nyamapanda ndi Tete, ena akuti ndalama zake zili kuti, munthu anabwera muno nthawi ya Federation, ana ake onse amalota mu Chishona, tikawaike kumanda a ku Mbudzi konkuno basi. Mphwanga anatulutsa foni nkufunsa ChatGPT. Iyo ikuti lemekezani zofuna za malemu, onaninso thumba lanu, kambiranani mwaulemu. Azakhali anangofunsa kuti, iyeyo chipepeso wapereka zingati? Tinaseka pamaliro, Mulungu atikhululukire.

Ine kugwirizana kwa makinawa sikundisuntha ngakhale pang'ono. Anamwa chitsime chimodzi, zolemba za pa intaneti, zambiri za Chingerezi, kenako anthu olembedwa ntchito ndi makampani nkumawawongola kuti aziyankha mofatsa. Ana a mimba imodzi akafanana mphuno mumadabwa? Ndiponso iwo sadzakumana ndi apongozi anu pa Khirisimasi.

Anthufe ndiye ayi. Mu 2018 akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa pa intaneti wotchedwa Moral Machine, mayankho pafupifupi 40 miliyoni ochokera m'mayiko ndi zigawo 233, funso lake galimoto yodziyendetsa yokha mabuleki akaduka igunde ndani. A ku France ambiri anapulumutsa mwana kusiya gogo, a ku Japan ndi China sanathamangire zimenezo. Olakwa ndani pamenepo? Bola galimotoyo isadzabwere pa Mbare Musika, makombi, maminibasi akuno aja, adzaithetsa nzeru tsiku loyamba lomwelo.

Nanga za fizizo?

Lipirani fizi. Apongozi muwaimbire nokha, osatuma bambo a kunyumba, muwauze zoona zake, mwezi wamawa muwaponyere kangachepe pa Mukuru. Adzadandaula, aloleni adandaule.

Malume tinawaika ku Mbudzi. Azakhali mpaka lero moni wanga amayankha ndi mutu.