Sananene kuti "ayi", koma inu munamva kuti wakana

Achemwali, mwati munapempha mnzanu wa kuntchito kuti adzakuthandizeni kusamuka Loweruka, iye n'kuyankha kuti, "Loweruka mwana wanga akusewera mpira kusukulu." Inu munangoti chabwino, n'kupeza anthu ena. Lolemba wafika akudandaula kuti munamusiyiranji poti iye sanakane. Ndiye mukufunsa ngati munamva molakwika.

Kwa ine, makutu anu ali bwinobwino. Funso lanu linkafuna inde kapena ayi, iye n'kutchula za mpira. Pamenepo simunaganize kuti mnzanuyo mutu wabalalika kapena sanamve. Munati mumtima, ameneyu akuyankha ine ndithu, ndiye kuti mpirawo ukukhudza tsiku langa; munthu sangakhale ku bwalo la mpira kwinaku akunyamula mipando; basi sabwera. Zonsezi munaziwerengera m'kuphethira kwa diso, osadziwa n'komwe kuti mwawerengera.

Katswiri wina wa filosofi wa ku Britain, Paul Grice, anaifotokoza nkhaniyi pa yunivesite ya Harvard mu 1967, ndipo zomwe ananenazo zinasindikizidwa mu 1975. Tanthauzo losatchulidwali analipatsa dzina loti implicature. Mfundo yake inali yoti anthu akamacheza, aliyense amakhulupirira kuti mnzakeyo anena zoona, zokwanira, zogwirizana ndi nkhani ili pakamwa, komanso zomveka. Wina akaoneka ngati wapatuka dala pa chimodzi mwa zinayizi, womvera sataya chikhulupiriro chija, m'malo mwake amafunafuna chomwe chabisika.

Inetu ndinazionera pa mchemwali wanga. Nditamuonetsa mnyamata yemwe ndinkayenda naye nthawi imeneyo, ndinamukokera pambali n'kumufunsa kuti wamuona bwanji. Anayamba wakonza kaye kolala ya bulauzi yanga, yomwe sinali yopindika n'komwe, kenako anati, "Nsapato zake n'zabwino." Basi. Munthu wathunthu, wakhala naye maola awiri, choyamikira n'kupeza nsapato zokha! Sananyoze, sananame, koma kuchepa kwa mawuwo ndi komwe kunandiuza zonse. Chimodzimodzi mphunzitsi akati "ana ena akhoza mayeso", tonse timamva kuti ena alephera, chifukwa akanakhoza onse akananena kuti onse.

Tsono chomwe chakupwetekani inu ndi ichi: mawu okuluwika amakhala ndi khomo lakuseri. Grice yemweyo anaona kuti tanthauzo lotere wolankhula atha kulifafaniza popanda kudzitsutsa. Mnzanuyo akanatha kuwonjezera kuti, "koma mpirawo ukangotha ndikupezani," ndipo palibe akanati wasintha mawu. Akanati "sindibwera" kenako "ndibwera", apo ndiye mukanamugwira pakamwa. N'chifukwa chake ambiri timakonda kuyankha mozungulira: tikufuna tikane koma wopemphayo asachite manyazi, nafenso tisaoneke ouma mtima, ndipo zinthu zikatembenuka tidzathe kunena kuti "ine sindinatero." Andale ndiye akatswiri pa khomo limeneli, koma tisawanene okha, tonse timadzera pomwepo.

Kodi mnzanuyo akuzemba kapena akunena zoona? Zonse n'zotheka. Mwina mumtima mwake ankatanthauza kuti m'mawa watanganidwa koma masana ali ndi mpata, n'kuganiza kuti inu mufunsa nthawi. Ngati munkalemberana pa WhatsApp ndiye vuto limakula, poti pamenepo palibe nkhope, palibe kamvekedwe ka mawu, palibe kaja kopumira m'mwamba munthu asanayankhe. Komabe wodziwa nthawi ya mpira anali iyeyo. Ngati ankafunadi kubwera, mawu otsalawo anayenera kuchokera kwa iye, osati inu muchite kulosera. Pamenepa sindikumuikira kumbuyo.

Zomwe ndimachita ine masiku ano, nkhani ikakhala yofunika tsiku ndi nthawi, ndimabwezera munthu zomwe ndamva, koma mofatsa kuti asaone ngati ndikumupanikiza: "Ndiye ndipeze ena, kapena ndikudikireni masana?" Wofuna kukana amangoti pezani ena, nkhope yake ili yosungika. Wofuna kubwera amatchula ola. Mnzanuyo mukakumana naye mawa mungomuuza kuti, "Pepani, mutatchula za mpira ndinamva ngati tsiku lonse latha." Makatoni ena mwina simunamasule, muuzeni abwere Loweruka likubwerali.