Tifunseni: Za Ulenje, Usodzi ndi Kusamala Nyama

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula za nyama yonunkha, nsomba zochita nguwi ndi ndiwo zolimba. Pafupifupi onse akukayikira kaphikidwe, pamene vuto limakhala litachitika kale mphika usanafike pamoto.

Ndili ndi chilolezo chosaka, ndipo ndinapha gwape m'mamawa. Ndinamunyamula osatumbula mpaka masana kuti ndikasendere kunyumba. Madzulo nyama ya pantchafu inkamveka kafungo kowawasa pafupi ndi fupa, komanso itapsa inali yolimba. Ndinalakwitsa pati?
*Mlenje wongoyamba kumene*

Bambo, nyamayo inaonongekera paphewa panu. Gwape akangofa, thupi lake limakhala lidakali pa 38°C kapena 39°C, ndipo chikopa ndi ubweya zimatsekera kutenthako mkati. Udzu umene uli m'chifu umapitiriza kusasa, n'kumatulutsa mpweya ndi kutentha kwina. Tizilombo toola nyama timaswana msanga pakati pa 5°C ndi 60°C. Malo otsiriza kuzizira ndi mkati mwa ntchafu ndi m'mapewa, n'chifukwa chake fungolo linayambira pafupa.

Tumbulani pomwepo, ola lisanathe. Gonekani nyamayo chagada, mutu uli kumtunda. Tsinani chikopa pamene fupa la pachifuwa lathera, boolani pang'ono, lowetsani zala ziwiri, ndipo mpeni uyende pakati pa zalazo kuthwa kwake kutaloza kumwamba. Zalazo zimakankhira matumbo pansi kuti mpeni usawaboole. Mukafika kumchira, zungulizani mpeni kotulukira ndowe, mangani thumbolo ndi kachingwe, kenako likokereni mkati. Chikhodzodzo chichoke chosaphulika. Dulani kamnofu kopyapyala kolekanitsa chifuwa ndi mimba, pisani dzanja mpaka kukhosi, dulani kholingo ndi kum'mero, n'kukoka zonse pamodzi. Ngati nyamayo ili ndi ndulu, ichotseni pachiwindi podula ndi kachidutswa ka chiwindicho, osaigwira ndi nsonga ya mpeni.

Chifu chikabooka, musatsuke ndi madzi a mumtsinje: amafalitsa uve m'mimba monse ndi kubweretsa tizilombo tina. Pukutani ndi nsalu yoyera, ndipo dulani n'kutaya pamene padetsedwa. Kenako ikani kamtengo kopingasa kuti mimba ikhale yoyasama, pachikani pamthunzi pomwe pakupita mphepo, ndipo kukakhala kotentha sendani nthawi yomweyo. Phimbani ndi nsalu yopyapyala kuletsa ntchentche. Thumba la pulasitiki ayi, limasunga thukuta la nyamayo.

Kulimbako kuli ndi chifukwa chake. Patapita maola ochepa nyama itafa, minofu imakungika, ndipo imayamba kumasuka pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Inu munaphika ili pachimake pokungika. Amene ali ndi firiji aisunge pa 1°C mpaka 4°C kwa masiku atatu mpaka asanu, imafewa yokha. Popanda firiji musayesere kuidikira choncho, iola. Iphikeni nthawi yaitali kapena iumitseni.

Dziwaninso kuti ziwalo siziphikidwa mofanana. Minofu iwiri yotsatira fupa la msana ndi yofewa, ndipo imafuna moto waukali kwa nthawi yochepa. Ikakhalitsa imauma chifukwa nyama ya kutchire ilibe mafuta ambiri. Miyendo, khosi ndi mapewa zili ndi mitsempha yambiri imene imasungunuka pokhapokha yabwata pang'onopang'ono. Chotsani kakhungu koyera konyezimira kokuta mnofu, kazingani zidutswa zochepa nthawi imodzi mpaka zifiire, thirani madzi ofika theka la nyamayo, vindikirani, ndipo zibwate pamoto wochepa maola awiri kapena atatu. Papaya wosapsa wokwechesa amafewetsa nyama, koma asapitirire ola limodzi kapena awiri, apo ayi kunja kumasanduka phala mkati mukadali molimba.

Ndimawamba nsomba mpaka kunja kutauma gwa ndi kuoneka bwino, koma pakatha mlungu zimachita nguwi ndipo zina zimanunkha mkati. Kodi ndi nkhuni?
*Mayi wowamba nsomba*

Mayi, nkhuni zingathe kuononga kakomedwe, koma zimene mwafotokozazi ndi za moto woyambira. Mukayamba ndi moto waukali, khungu limauma n'kukhala chikhokho, ndipo madzi a mkati amasowa potulukira. Nsombayo imaoneka youma pamene pafupa pali chinyezi. Masiku akamapita chinyezicho chimatulukira kunja, nguwi n'kumera.

Nsomba yaiwisi pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Yowamba maola awiri kapena atatu imakhala yapsa koma idakali ndi madzi pafupifupi theka, ndipo ndi ya kudya m'masiku awiri kapena atatu basi. Yoti isungike miyezi iyenera kutsala ndi madzi osapitirira 15 peresenti, zomwe zimatenga maola 10 mpaka 18 pamoto, nthawi zina kuposa. Sikelo ikuuzani zoona: makilogalamu 10 a nsomba zotumbula azitsika kufika pafupifupi makilogalamu atatu.

Yambani ndi nsomba zabwino, chifukwa utsi sukonza nsomba yoyamba kale kuvunda. Makha, aja nsomba imapumira, akhale ofiira, maso owala, ndipo mukadina mnofu ndi chala uzibwerera. Palani mamba, chotsani makha ndi matumbo, ndipo kokolani mzere wa magazi akuda wotsatira fupa la msana, pakuti kuola kumayambira pamenepo. Zikuluzikulu zing'ambeni kumsana kuti zitambasuke, ndipo temani mizere pomwe mnofu wanenepa.

Sungunulani magalamu 100 a mchere pa lita imodzi ya madzi, omwe ndi masupuni aakulu pafupifupi 6 osasefukira. Viikani nsomba zapakati mphindi 30, zonenepa ola limodzi. Mukavuula musathamangire pamoto. Ziyalikeni pathandala pamthunzi mpaka madzi atasiya kudontha ndipo khungu likumata pang'ono mukalikhudza. Nsomba yonyowa imakoka mwaye n'kuwawa, pamene khungu lomata limagwira utsi mofanana n'kutuluka lofiirira.

Chiwambo chitalikirane ndi moto masentimita 60 kapena kuposa. Ola loyamba kapena awiri moto ukhale wofatsa, wongoumitsa kunja. Kenako uonjezereni kufika 70°C mpaka 80°C kwa maola awiri kapena atatu kuti nsomba zipse mpaka pafupa. Mukatero uchepetseninso, ziume pang'onopang'ono, mukuzitembenuza ndi kusinthanitsa za pansi ndi za pamwamba. Nsomba zisasanjikizane pachiwambo chimodzi. Uvuni wotchuka wa Chorkor, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito ku Ghana cha m'ma 1969, unatengera nzeru imeneyi: mathireyi a waya osanjikizana pa ng'anjo yadothi, omwe amasunga kutentha ndi kupulumutsa nkhuni. Koma ngakhale pamenepo, wosasinthanitsa mathireyi amapsereza a pansi a pamwamba asanaume.

Za nkhuni, gwiritsani ntchito za mitengo yolimba zouma bwino. Paini ali ndi utomoni umene umawawitsa nsomba. Matabwa opakidwa penti kapena mankhwala a chiswe, mapulasitiki ndi matayala zimaika poizoni m'chakudya. Mafuta a nsomba akamadonthera pamalawi amatulutsanso utsi woipa, choncho moto ukhale chapambali kapena ikani lata lowakha.

Zikauma, zizizire kaye musanalonge, chifukwa zotentha zimachita thukuta m'dengu. Sungani pamalo okwera popita mphepo, ndipo nyengo ya chinyezi muzizibweza pamoto wochepa kwa maola angapo mlungu uliwonse. Kutenthako kumaphanso mazira a tizilombo tofumbwitsa nsomba. Mankhwala opopera mbewu kapena ophera tizilombo m'nyumba asayandikire nsomba.

Nyama ya nguluwe yoyanika n'kuuma bwino, kodi tingaidye osaphika monga timachitira ndi ya mphoyo?
*Bambo wokonda nyama youma*

Ayi. Nguluwe ndi njiri zimadya chilichonse, mitembo ya nyama zina yomwe, ndipo minofu yake ingakhale ndi nyongolotsi za Trichinella, zomwe sizioneka ndi maso. Mchere, dzuwa ndi utsi sizizipha modalirika, ndipo mitundu ina ya nyongolotsizi imapirira ngakhale mufiriji youmitsa. Chodalirika ndi kutentha: mkati mwa mnofu mufike 71°C. Popanda choyezera, phikani mpaka pafupa pasakhale pofiira paliponse. Odwala matendawa amayamba ndi kutsekula m'mimba, kenako pakatha mlungu umodzi kapena ingapo amamva malungo, kuphwanya kwa minofu ndi kutupa zikope. Mukaona timatuza toyera tonga njere za mpunga mumnofu, palilime kapena pamtima, amenewo ndi ana a njoka za m'mimba. Nyama yotero itayeni poikwirira mozama kuti agalu asafukule.

Kuyanika palokha sikoipa, bola muiphike podya. Lezani nyama motsata ulusi wa mnofu, mizere yosanenepa kuposa sentimita imodzi, ndipo chotsani mafuta onse chifukwa ndi amene amayamba kununkha. Pakani magalamu 25 a mchere pa kilogalamu iliyonse, pachikani mizereyo isakhudzane, pamthunzi pa mphepo, ndipo usiku ilowetseni kuopa mame. Nyengo youma imatha m'masiku anayi kapena asanu.

Tinapeza nyama yaikulu itafa yokha m'mbali mwa mtsinje, yopanda bala. Anzanga ankati ndi mwayi. Ine ndinakana. Ndinataya ndiwo pachabe?
*Msodzi wa kumtsinje*

Munachita bwino, achimwene. Nyama yofa mwadzidzidzi, yotupa msanga, yotuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, ikhoza kukhala ndi matenda oopsa otchedwa anthrax. Kungoisenda n'kokwanira kuti munthu atenge zilonda zakuda pakati, ndipo kuidya kungaphe. Mu 2011 anthu oposa 500 anadwala m'boma la Chama ku Zambia atasenda ndi kudya mvuu zofa m'mtsinje wa Luangwa. Kuitumbula kumaonjezera vuto, chifukwa tizilombo toyambitsa matendawa tikakumana ndi mpweya timadzikuta m'chikhokho cholimba n'kukhala m'dothi zaka zambiri. Isiyeni yosatsegula ndipo dziwitsani a zaumoyo wa ziweto kapena oyang'anira nyama za kutchire.

Nyama yofera mumsampha wa waya nayonso si ya kudya: simudziwa kuti yafa liti, ndipo yakhala ndi matumbo ake padzuwa. Misampha yotereyi ndi yoletsedwa m'mayiko ambiri chifukwa sisankha, imakola yabere ndi yotetezedwa yomwe.

Mlamba wa m'dziwe umamveka matope ngakhale nditautsuka kangapo. Pali njira?
*Mayi wina*

Kutsuka sikungathandize chifukwa fungolo silili pakhungu pokha. Limachokera ku geosmin, imene ndere zina ndi tizilombo ta m'matope timatulutsa m'madzi odikha otentha. Nsomba imaimwa kudzera m'makha ndipo imakhazikika m'mafuta. Mlamba umapirira kunja kwa madzi ake, choncho usungeni wamoyo m'mbiya kapena m'diramu la madzi oyera kwa masiku angapo, osaudyetsa, mukusintha madzi tsiku ndi tsiku. Ngati wafa kale, chotsani lendalenda popaka mchere kapena phulusa, sendani khungu, dulani mafuta achikasu a m'mimba ndi mzere wa mnofu wakuda wa m'mbali, ndipo viikani m'madzi a mandimu kapena viniga kwa mphindi 15 mpaka 20. Zowawasa zimaphwanya geosmin. Mukapitiriza nthawi mnofu umayera n'kuyamba kunyenyeka. Pougwira samalani minga ya pazipsepse za m'mbali mwa mutu, bala lake limatupa.

Chingwe changa chimaduka pamfundo ya mbedza nsomba yaikulu ikakoka, ngakhale chili chatsopano.
*Mnyamata wowedza*

Yang'anani nsonga yotsalayo. Ikakhala yopotana, mfundo inamasuka. Ikakhala yodukiratu, inapsa kapena inapalika. Pisani chingwe pabowo la mbedza, zengerezani nsonga pachingwe chachikulu kasanu mpaka kasanu ndi kawiri, ibwezereni pakampata ka pafupi ndi bowolo, kenako ipiseni pagoba lalikulu lomwe lapangika. Nyowetsani ndi malovu musanakoke. Nayiloni youma ikamakhuzana imatentha n'kufooka pomwepo. Kokani pang'onopang'ono mpaka mizere itandandalikana bwino, ndipo siyani kansonga ka mamilimita awiri kapena atatu. Chingwe chonenepa chimafuna mizere yochepa, chopyapyala yambiri.

Nayiloni imafookanso ndi dzuwa, ndiye "chatsopano" chimene chakhala pawindo miyezi si chatsopano. Mukakola nsomba yaikulu kapena kukodwa pamwala, yendetsani zala pamita yomalizira. Mukamva pokhakhala dulani n'kumanganso. Pogula mbedza kumbukirani kuti nambala yaikulu ndi mbedza yaing'ono, 10 ndi yochepa kuposa 4, koma pa zolembedwa 1/0, 2/0, 3/0 zimakula nambala ikamakwera.

Nkhanga yowombedwa ndi mfuti ya machaka, kodi kungolavula timachakato podya n'kokwanira?
*Agogo a ana anayi*

Sikokwanira, agogo, ngati machakawo ndi a mtovu. Akamenya fupa amasiya tizidutswa tosaoneka motsatira njira ya bala. Sosolani mbalameyo idakali yofunda, tsatirani bowo lililonse ndi nsonga ya mpeni, chotsani machaka pamodzi ndi nthenga zomwe alowa nazo, ndipo dulani mnofu wonse woviririka magazi mozungulira. Musaviike nyama yotere mu viniga kapena mandimu, chifukwa zowawasa zimasungunula mtovu n'kuulowetsa mumsuzi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana amene akukula, choncho ana aang'ono ndi amayi oyembekezera apatseni ndiwo zina. Kumene machaka achitsulo amapezeka, gulani amenewo, mutafunsa kaye ngati mfuti yanu inapangidwa moti ingawapirire.