Kodi mlangizi wa zaulimi asiye mabuku, agule Kindle?

Mlangizi wina wa zaulimi wa ku Tsangano wanditumizira imelo. Akuti mabuku akumulemera m'chikwama akamayendera alimi pa njinga yamoto, ndiye mnzake wa mumzinda wa Tete wamuuza kuti angogula Kindle, kachipangizo ka batire kowerengerapo mabuku, n'kuikamo zonse. Akufunsa ngati kachipangizoka kangalowe m'malo mwa mabuku a pantchito.

Achimwene, ndikuyankheni mosapita m'mbali: pa ntchito yanuyo sikangalowe m'malo. Inenso Kindle ndili nayo ndipo ndimaikonda. Batire yake imakhala masabata isanathe, ndipo zimenezi si zochepa kwathu kuno komwe midzi yambiri ikadali mumdima ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi cha Tete. Padzuwa la masana zilembo zimaoneka ngati za papepala. Nkhani yaitali yongotsata tsamba ndi tsamba imawerengeka bwino kwambiri. Koma buku la ntchito sitiliwerenga choncho.

Tiyambire pa mitundu. Ma Kindle ambiri amangoonetsa zakuda, zoyera ndi zotuwa. Yoonetsa mitundu, yotchedwa Colorsoft, inangotuluka mu 2024, pomwe Kindle yoyamba inatuluka mu 2007, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Tsopano taganizani za chimanga. Chikasowa nayitrojeni, masamba a m'munsi amachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata msempha wapakati. Chikasowa fosiforasi, masamba amafiirira chakuda, makamaka m'mbali. Pa sikirini yotuwa zithunzi ziwirizi zimangofanana, nanga mlimi mumuuza kuti athire chiyani? Chimodzimodzi chiwawu cha mbatatesi, chomwe alimi a ku Tsangano ndi ku Angónia amalimbana nacho mvula ikachuluka. Osaona mtundu wa banga, mungongoyerekeza.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi matebulo a milingo ya mankhwala ndi feteleza. Timabuku tambiri ta ulimi timabwera ngati PDF ya tsamba la A4, pomwe sikirini ya Kindle wamba ndi ya mainchesi 6 okha. Tsamba limafinyika, manambala n'kukhala ngati nyerere. Mukalikulitsa, mutu wa tebulo umatsala m'mwamba osaoneka, ndipo kuti mubwerereko sikirini imayamba yaphethira kaye. Zinandichitikira ku Ulónguè ndikuthandiza malume kusakaniza mankhwala opopera tomato. Chala chili pa nambala, koma sindinkadziwanso ngati ndi mlingo wa hekitala yonse kapena wa sipuleya ya malita 16. Malume ataona ndikukankhakankha sikirini anangolowa m'nyumba n'kutulutsa kabuku kawo kothimbirira, kopindidwa pakona penipeni pa tsambalo, ndi manambala olemba okha ndi pensulo m'mbali. Tikanalakwitsa tsiku limenelo, tikanawotcha dimba lonse.

Komanso ntchito yanu ndi yoonetsa anthu. Pansi pa mtengo buku limayenda m'manja mwa alimi, wina akuloza chithunzi cha ntchemberezandonda, wina akuchiyerekeza ndi mbozi yomwe wabwera nayo m'tsamba. Mutha kutsegula mabuku awiri pamphasa n'kumayang'ana uku ndi uku. Kindle imaonetsa tsamba limodzi basi, ndipo mudzachita mantha kuipereka m'manja amatope. Sikirini ikasweka m'mabampu a misewu ya kumapiriko, mabuku onse atsekeka tsiku lomwelo. Buku likanyowa timaliyanika.

Kagulidwe nakonso n'kovuta: Amazon, kampani yogulitsa Kindle ndi mabuku ake, imafuna khadi la kubanki, ndipo buku logula kumeneko limamangidwa ku akaunti yanu, simungangolipereka kwa mlangizi mnzanu ngati mmene timabwerekezerana.

Ndiye ndikanakhala inu, achimwene, ndikanasankha mabuku awiri kapena atatu omwe mumatsegula tsiku ndi tsiku, ndiwakutire mu pulasitiki, otsalawo azikhala ku ofesi. Matebulo a milingo muwasindikize, muwamate mkati mwa chikuto cha kope lanu. Ma PDF a zithunzi muziwasunga mufoni, poti foni imaonetsa mitundu ndipo imakulitsa msanga. Kindle mudzaigule mukafuna zowerenga madzulo, kapena mukadzalembetsa maphunziro a zaulimi ku yunivesite ya UniZambeze ya ku Ulónguè, komwe mudzakumane ndi zowerenga zitalizitali.