Kuphatikiza kampani kuti isinthe mtundu kapena malo: yankho kwa bambo a ku Lizulu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Lizulu. Iwo ndi mng'ono wawo amapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ali ndi malole awiri, anyamata 6 ndi ngongole ya kubanki. Afunsa motere: "Bizinesi yathu tinangolembetsa dzina. Mwana wa mlongo wathu yemwe ali ku America akuti kumeneko amatsegula kampani yatsopano, n'kuiphatikiza ndi yakale, yakaleyo n'kutha. Ife tikufuna tikhale limited, ofesi ipite ku Lilongwe. Tichite zomwezo? Nanga ngongole imatsalira yakale ija?"

Bambo, mphwanuyo sakunama, koma akunena za kwawo komwe ali. Ku America, boma lililonse laling'ono lili ndi lamulo lakelake la makampani. Kampani ya ku California ikafuna kuyendera malamulo a ku Delaware, njira yodziwika ndi yomwe wanenayo: eni ake amalembetsa kampani yopanda kanthu ku Delaware, yakale n'kulowa m'menemo. Eni ake ndi omwewo, katundu ndi yemweyo, chasintha ndi chikalata chokha. N'chifukwa chake lamulo lawo la msonkho limaona zimenezi ngati kungosintha dzina, mtundu kapena malo, osati kugulitsa.

Kuno kwathu lamulo la makampani ndi limodzi, Companies Act ya 2013, ndipo limagwira ntchito kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Kuchotsa ofesi ku Ntcheu kupita nayo ku Lilongwe sikufuna kuphatikiza chilichonse. Mumangodziwitsa ofesi yolembetsa makampani ndi mabizinesi ndi a MRA za keyala yatsopano, n'kukadula layisensi ku khonsolo ya komwe mwapita. Basi.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Chophatikizana ndi makampani awiri, ndipo inu pakadali pano mulibe kampani. Dzina lolembetsa si munthu pamaso pa lamulo. Malole aja ndi anu ndi mng'ono wanu, ngongole ija ndi yanunso, moti banki itafuna ikhoza kulondola ndi mbuzi za kumudzi zomwe. Kampani ya limited ndiye imaima payokha: imagula, imakongola, imazengedwa mlandu m'dzina lake. Choncho njira yanu ndi kulembetsa kampani, kugawana masheya, kenako kusamutsira katundu m'manja mwake chimodzichimodzi. Malole asinthe umwini ku Road Traffic, inshuwalansi itsatire, kampani itenge nambala yake ya msonkho (TPIN) ndi akaunti yake ya kubanki. Amene mumawapatsira mbatata pa mgwirizano wolemba avomere kuti tsopano azichita ndi kampani. Lembani pepala losonyeza mtengo wa chinthu chilichonse ndi masheya amene mwalandira posinthana nacho, ndipo muonane ndi akauntanti musanasaine, chifukwa kusamutsa katundu kukhoza kudzutsa msonkho ngakhale ndalama isanadutse m'manja mwa munthu.

Za ngongole ndiyankhe mosapsatira, poti ndikuona kuti funso lenileni ndi limeneli. Siitsalira kumbuyo. Njoka ikafundula, ululu umakhala womwewo. Ngakhale kumene makampani amaphatikizanadi, yotsalayo imanyamula zonse, katundu ndi ngongole zomwe, ndi milandu imene inali kukhoti. Kwa inu ndiye n'zothina kuposa pamenepo: munasaina ndinu, ndipo banki siikakamizidwa kulandira kampani yongobadwa kumene m'malo mwanu. Ikavomera, kawirikawiri imafunabe kuti eni ake asaine kuti adzalipira okha kampani ikalephera. Ngati lole ina ili chikole, musayerekeze kuisintha dzina mwakachetechete. Anyamata 6 ajanso musawauze kuti ayambira pa ziro. Employment Act imati bizinesi ikasamutsidwa, antchito amapita nayo ndi zaka zawo zonse.

Kodi kuno kusamutsa kwa mtundu wa mphwanuyo sikuchitika? Kumachitika, koma kwa akuluakulu. Mu 2017, eni masheya a First Merchant Bank anasinthanitsa masheya awo ndi a FMB Capital Holdings, kampani yolembetsedwa ku Mauritius, ndipo ndi iyoyo inalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange m'malo mwa banki ija. Wosunga ndalama sanaone kusintha pa kauntala tsiku limenelo. Chinasamuka ndi likulu la umwini, pamene gululo linkafalikira ku Botswana, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Zoterezi zimadya maloya ndi zilolezo zambirimbiri.

Ndinenepo za malire chifukwa ndikudziwa Lizulu: ukawoloka msewu wa M1 wafika ku Mozambique. Mukadzaganiza zokhazikika ku Ulongwe wa ku Mozambique, kumeneko mukalembetsa mwa malamulo awo, m'Chipwitikizi, ndipo ya kuno izikhalabe ndi msonkho wake wa MRA.

Musanapite kwa loya, khalani pansi ndi mng'ono wanuyo, mlongo wanu akhalepo ngati mboni. Mugwirizane kuti aliyense atenga masheya angati, adzasaina macheke ndani, ndipo mmodzi akadzatisiya masheya ake adzapita kwa ana ake kapena wotsalayo adzawagula. Pepala limenelo mulitenge popita, pamodzi ndi mabuku a malole ndi kalata ya ngongole.