Zodzola kumaso zopanda pulasitiki: yambani ndi kuona ngati muli madzi

Achemwali, mwafunsa kuti kuno ku Blantyre munthu angasankhe bwanji zosambira ndi zodzola kumaso zimene siziwononga chilengedwe komanso zosaikidwa m'mapulasitiki, poti khungu lanu limauma nthawi yozizira koma limatuluka ziphuphu kukatentha. Anzathu ambiri akuyankhani potchula mayina a mafuta ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya. Ine ndikuyankhani mosiyana pang'ono, chifukwa ndakhala ndikuchepetsa mabotolo m'bafa mwanga kwa zaka zingapo, ndipo ndinaona kuti dzina la kampani silithandiza kwenikweni ngati munthu sanamvetse chimene chimachititsa kuti mafutawo aikidwe m'pulasitiki.

Chimene chimabweretsa pulasitiki m'bafa mwathu ndi madzi. Mukatenga botolo la loshoni kapena la sopo wamadzi n'kuwerenga kumbuyo pamene alemba zinthu zimene anasakaniza, nthawi zambiri mawu oyamba amakhala "Aqua", kutanthauza madzi, ndipo chinthu chimene chalembedwa koyamba ndicho chimakhala chochuluka kuposa zonse. Chinthu chamadzi chimafuna botolo losatayikira, chimafuna kapampu kapena chivindikiro cholimba, komanso chimafuna mankhwala oteteza kuti tizilombo tisaswanemo, chifukwa tizilombo timakula pamene pali chinyezi. Mukachotsa madziwo, zonsezi zimachepa zokha. Tabuleti ya sopo imakulungidwa m'pepala, mafuta enieni amakhala bwino m'kabotolo kagalasi, ndipo mafuta olimba osakaniza ndi phula la njuchi amakhala m'kachitini. Choncho posankha ndimayamba kufunsa ngati chinthucho chili ndi madzi, ndipo za mtundu wa chotengera ndimazifunsa pambuyo.

Tikumbukirenso kumene zinyalala zathu zimathera. Zimene khonsolo ya mzinda yatola zimakatayidwa ku Mzedi, zina zimawotchedwa kuseri kwa nyumba, ndipo zambiri zimatsata ngalande mpaka kukafika mu Mudi, mu Naperi kapena mu Nasolo, monga aliyense wowoloka mitsinje imeneyi mvula ikangoyamba amaonera. Lamulo la chaka cha 2015, limene Khoti Lalikulu la Apilo linalitsimikiza mu 2019, linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, ndiwo majumbo aja, koma botolo la loshoni ndi lokhuthala ndipo lamulolo sililikhudza. Padziko lonse, mapulasitiki otayidwa amene amakonzedwanso kukhala zinthu zina ndi pafupifupi magawo 9 okha pa magawo 100 alionse. N'chifukwa chake kachizindikiro ka mivi itatu kamene kamakhala pansi pa botolo sikamandisangalatsa. Nambala imene ili pakati pake, kaya ndi 1, 2 kapena 5, imangonena mtundu wa pulasitikiyo, ndipo silonjeza kuti alipo munthu ku Chirimba kapena ku Bangwe amene adzalitole n'kulipititsa ku fakitale.

Galasi anthu amalitamanda kwambiri, koma lili ndi mtengo wake. Popanga galasi amasungunula mchenga pa moto wofika madigiri pafupifupi 1,500, ndipo galasilo ndi lolemera, moti kabotolo kochokera ku Johannesburg kamene kayenda pa thiraki kudutsa ku Tete mpaka kulowera pa chipata cha Mwanza kadya mafuta ambiri panjira kuposa kapulasitiki ka kukula komweko. Galasi limapambana pokhapokha mukaligwiritsanso ntchito kambirimbiri. Mwayi wake ndi wakuti ife kuno kugwiritsanso ntchito botolo si nkhani yachilendo, popeza timasungiramo mchere, uchi ndi mbewu kuyambira kale. Kachitini ka aluminiyamu nako n'kabwino, chifukwa n'kopepuka, sikasweka mukakagwetsa pa simenti, ndipo kusungunulanso aluminiyamu wakale kumapulumutsa pafupifupi magawo 95 pa 100 a mphamvu imene ikanafunika popanga watsopano. Ogula zitsulo zakale amakalandira, pamene botolo la loshoni palibe amene amaliyang'ana.

Pa zotengera za pepala chenjerani. Ine ndinagulapo mafuta a kumaso m'sitolo ina ya m'tauni, okwera mtengo ndithu, oikidwa m'kachubu ka katoni kokhala ndi zithunzi za masamba. Atatha ndinakang'amba kuti ndikaponye kudzala la manyowa, ndipo ndinapeza kuti mkati monse anamata kapulasitiki konyezimira kuti mafuta asadutse. Chotengera choterocho n'chovuta kuposa botolo wamba, chifukwa pepala ndi pulasitiki zikamatirirana sizilekanitsika mosavuta. Mawu akuti "biodegradable", kutanthauza chinthu choola chokha, nawonso amasocheretsa. Pulasitiki wotchedwa PLA, wopangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe, amaola pamalo apadera opangira manyowa pamene pamatentha madigiri oyandikira 60, osati pa dzala la kuseri kwa nyumba, ndipo mtundu wina wotchedwa oxo-degradable umangophwanyika kukhala tizidutswa tosaoneka, moti mayiko a European Union anauletsa mu 2021. Kapampu ka pabotolo lagalasi nakonso ndi kapulasitiki kokhala ndi sipuling'i yachitsulo mkati, ndiye ngati pali kusankha, tengani botolo la chivindikiro chachitsulo chopotokola.

Tsopano za khungu lenilenilo, poti chotengera chabwino chokhala ndi sopo wowononga nkhope sichikuthandizani. Khungu la munthu lili ndi asidi pang'ono, pH yake, muyeso umene umatsika asidi akachuluka, imakhala cha m'ma 5, pamene sopo wamba amakhala pa 9 kapena 10. Ndicho chifukwa chake mukasamba kumaso ndi sopo wochapira zovala nkhope imakokana ngati chikopa cha ng'oma. Kwa inu amene khungu limauma m'nyengo ya chiperoni, funani sopo wa tabuleti wopangidwira kumaso, makamaka amene alemba kuti pH yake ndi 5.5, kapena sopo wopangidwa pamanja amene anamusiyira mafuta owonjezera, wopanda utoto ndi fungo lamphamvu. Kusamba ndi sopo kamodzi madzulo n'kokwanira kwa anthu ambiri, ndipo m'mawa madzi ofunda okha amatha ntchito. Sopoyo muzimuika pa kambale kobowola kuti aziuma, apo ayi amasungunuka m'madzi n'kutha msanga.

Pa mafuta odzola tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Malambe amamera ochuluka ku Chikwawa, ku Neno, ku Balaka ndi ku Mangochi, ndipo mafuta ofinyidwa ku njere zake amalowa bwino pakhungu louma, kungoti ndi odzola, si odyera. Makademiya amalimidwa ku Thyolo komwe kuno, ndipo mafuta ake ndi ofewa. Alipo mafuta a chammwamba, alipo a mfula, ndipo ngakhale a mpendadzuwa osayengedwa kwambiri amathandiza khungu kusunga chinyezi. Agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi osungidwa m'nsupa, ndipo palibe botolo limene ankataya, ngakhale ine ndimaona kuti a nsatsi ndi olemera kwambiri pankhope, amakhala bwino ku mapazi ndi m'zigongono. Popeza mwatchula ziphuphu, mafuta a kokonati musawaike kumaso, chifukwa kwa anthu ambiri amatseka timabowo ta pakhungu. Madontho awiri kapena atatu a mafuta a malambe, opaka nkhope idakali yonyowa, ndi okwanira, ndipo mu Okutobala kukatentha mukhoza kudzola usiku wokha. Kabotolo ka mamililita 50 kamatha miyezi ingapo mukamatero, zimene zimachititsa kuti mtengo wake, umene umaopsa poyamba, ukhale wopiririka. Sankhani botolo lagalasi lakuda kapena lofiirira, mulisunge kutali ndi dzuwa, ndipo fungo likasintha kukhala losasa muwasiye mafutawo.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, milomo ndi masaya zikayamba kung'aluka, mafuta olimba ndiwo amathandiza. Awa mukhoza kupanga nokha posungunula gawo limodzi la phula la njuchi ndi magawo anayi a mafuta m'kambale koikidwa pamwamba pa madzi otentha, n'kuthira m'kachitini kouma bwino. Phulalo limapezeka kwa alimi a njuchi omwe amagulitsa uchi. Popeza mafutawa alibe madzi, safuna mankhwala oteteza, bola muzitapa ndi chala choyera komanso chouma.

Zosakaniza zapakhomo zokhala ndi madzi ndi nkhani ina. Ndinayesapo kupala alovera n'kusakaniza ndi madzi ndi uchi m'botolo, ndipo pasanathe sabata munali mutachita chuku, nkhope yanga nayo itatuluka tizilonda. Chinthu choterocho chimapangidwa chochepa chogwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano, zimene anthu amalangizana kawirikawiri pofuna kuchotsa ziphuphu, zimawotcha khungu, ndipo madzi a mandimu akakumana ndi dzuwa amatha kusiya zipsera zakuda zimene zimatenga miyezi kuti zizimirike pakhungu lathu lakuda. Chilichonse chatsopano, ngakhale chichokere mumtengo wa pakhomo panu, muyambe mwachipaka mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono kwa masiku awiri kapena atatu kuti muone ngati sichikukuwengani.

Pali pulasitiki wina amene amabisala mkati mwa zodzolazo. Zokhulira kumaso zina zimakhala ndi timikanda ting'onoting'ono ta polyethylene timene timatsika ndi madzi osamba mpaka kumtsinje. Dziko la America linatiletsa ndi lamulo la 2015 ndipo Britain inatsatira mu 2018, koma katundu wa m'misika mwathu amachokera kumayiko osiyanasiyana, ndiye mukaona mawu akuti polyethylene pa zosakaniza za chokhulira, chibwezeni pa shelefu. Timapepala tonyowa topukutira kumaso nato tambiri timakhala ndi ulusi wa pulasitiki. M'malo mwake pitani kwa atelala ndi nsalu yofewa ya thonje kuti akudulireni tinsalu khumi n'kutipinda m'mphepete, muzichapa n'kuyanika padzuwa. Chinkhupule n'chabwino pathupi ndipo chimaola chikatha, koma pankhope n'chokhakhala mopitirira.

Ndikuchenjezeninso za mafuta oyeretsa khungu amene masiku ano amabwera atalembedwa kuti ndi achilengedwe, ena ali ndi chithunzi cha papaya kapena kaloti, ena ali m'mabotolo agalasi okongola opanda dzina la wopanga. Ambiri mwa mafuta a mtundu umenewu apezeka ndi mercury, hydroquinone kapena mankhwala amphamvu monga clobetasol, amene amapyapyalitsa khungu, amabweretsa ziphuphu zosamva mankhwala, ndipo mercury amawononga impso n'kuipitsanso madzi amene watsikiramo. Pangano la mayiko la Minamata linaletsa mercury m'zodzoladzola pa chifukwa chomwechi. Botolo lopanda mndandanda wa zosakaniza, dzina la wopanga ndi tsiku lothera ntchito musaligule, ndipo pa katundu wopangidwa kuno yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Kachithunzi ka kambale kotsekula kolembedwa 6M kapena 12M kamasonyeza miyezi imene mungagwiritse ntchito mutatsekula.

Pamalo amodzi pokha ndimalolera pulasitiki popanda kudandaula, ndipo ndi pa mafuta oteteza ku dzuwa komanso mankhwala olembedwa ndi dokotala. Mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa kuti SPF 30 amatchinga pafupifupi magawo 97 pa 100 a kuwala kwa dzuwa kumene kumawotcha khungu, ndipo mphamvu imeneyi imayezedwa m'labotale, munthu sangaipange kukhitchini pongothira ufa wa zinc oxide m'mafuta a malambe. Kwa amene akulimbana ndi zipsera za ziphuphu amathandiza kuti zisade kwambiri, ndipo kwa abale athu achialubino amateteza ku khansa yapakhungu, choncho palibe amene ayenera kuwasiya chifukwa cha chubu. Ngati mwapeza a m'kachitini ochokera ku kampani yodziwika, gulani, koma ngati palibe, tengani chubu chimodzi chachikulu m'malo mwa ting'onoting'ono tambiri, ndipo chikamatha muchidule pakati kuti mukombeze otsalira mkati. Chipewa cha mlaza ndi ambulera zimathandizanso masana. Ziphuphu zikakhala zazikulu, zopweteka kapena zosiya mabala, pitani mukaonane ndi madokotala a khungu ku chipatala cha Gulupu m'malo moyesa mafuta atsopano mwezi uliwonse.

Pomaliza pa za kogula, opanga sopo ndi mafuta ang'onoang'ono a kuno amapezeka pa ziwonetsero za malonda ku Chichiri, m'masitolo ena ogulitsa zachilengedwe ndiponso pa Facebook. Ubwino wogula kwa iwo ndi wakuti mukhoza kulankhula nawo maso ndi maso. Afunseni kuti mafutawo anafinyidwa liti ndiponso kuti, ngati anasakanizamo mafuta ena kapena zonunkhiritsa, ndiponso ngati angakudzazireni m'botolo lanu lomwelo mukalibweretsa lotsuka ndi madzi owira n'kuuma bwino. Ambiri amavomera chifukwa botolo lagalasi limawadyera ndalama. Zimene muli nazo kale m'mapulasitiki musazitaye, muzimalize kaye, kenako muzisintha chimodzichimodzi, kuyambira ndi sopo, n'kudikira masabata anayi musanasinthe china, kuti khungu likasintha mudziwe chimene chachititsa.