Treadmill kapena njinga? Yankho langa kwa mayi a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Dzina lawo sinditchula, koma andilola kuti ndiyankhire pano. Ali ndi zaka 38 ndi ana atatu, ndipo ntchito yawo ndi ya muofesi, yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Msinkhu wawo ndi masentimita 160, pasikelo akulemera makilogalamu 84. Kuchipatala awauza kuti BP yayamba kukwera, achepetseko thupi. Mu Disembala agawana ndalama za banki mkhonde, ndiye akufunsa kuti: "Ndigule treadmill kapena njinga yopalasa m'nyumba? Nanga nsima ndingoisiyiratu? Mnzanga wa kuntchito akuti ndingogula tiyi wophwetsa mimba, kodi amathandiza?"

Amayi, zikomo kwambiri polemba. Ndiyambe ndi kuulula zanga.

Zaka zingapo zapitazo ndinagula treadmill, makina amagetsi aja oyendapo kapena kuthamangapo uli m'nyumba, kwa munthu wina amene ankasamuka kubwerera kwawo. Inalowa m'nyumba ndi anyamata anayi, ndipo aneba anatuluka kudzaonerera. Milungu itatu yoyambirira ndinkakwerapo m'mawa uliwonse. Kenako magetsi anayamba kuzima nthawi yeniyeni yomwe ndimadzuka. Kenako lamba wake anayamba kuterereka, ndipo ndinazungulira tauni yonse osapeza wina. Lero ili pakhonde la kuseri. Imagwira ntchito, sindinganame: timayanikapo matawulo.

Ndiye musanatulutse ndalama zomwe mwasunga chaka chathunthu, tiyeni tiwerengere limodzi. Kuti munthu achotse kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi, ayenera kuwononga makalori (muyeso wa mphamvu yomwe chakudya chimapereka m'thupi) pafupifupi 7,700 kuposa omwe wadya. Munthu wa thupi ngati lanu akayenda ndawala mphindi 30 amatentha makalori osafika 200. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 500 lili ndi shuga wokwana magalamu 53, omwe ndi makalori opitirira pang'ono 200. Thukuta lonse lija la theka la ola limabwezedwa ndi botolo limodzi lomwe mumamwera chipisi pa nkhomaliro. N'chifukwa chake ine ndimati makina ndi nkhani yachiwiri. Nkhani yoyamba ili m'kapu, m'poto ndi m'mbale.

Tiyambe ndi kapu, poti ndi pamene ambirife timagwera osadziwa. Mumathira masupuni angati a shuga mu tiyi? Ambiri amene ndimawafunsa amati awiri, koma ndikawayang'ana akuthira ndimawerenga atatu odzaza mpaka kusefukira. Makapu atatu patsiku ndiye kuti masupuni 9, makalori pafupifupi 145. Pakutha pa mwezi akwana 4,300 ndi kupitirira, kuposa theka la kilogalamu ya mafuta, kuchokera mu tiyi yekha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira ndi wa m'zakumwa asapitirire masupuni aang'ono 12 patsiku, ndipo ndi bwino kwambiri akakhala 6. Apatu sitinawerengere Sobo, maheu a m'sitolo, juwisi wa m'mapaketi, ngakhale thobwa lathu lomwe timati ndi lachikhalidwe koma timalikhuthulira shuga ngati tikumanga nyumba. Musasiye lero lomwe, tiyi angakuwawireni n'kubwerera. Chotsani supuni imodzi, mukhale choncho milungu iwiri, kenako chotsani ina. Lilime limazolowera, ndipo tsiku lina mudzamwa tiyi wa kwa anthu n'kumva ngati akupatsani manyuchi.

M'poto mdani wake ndi mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ndi makalori 120. Ife sitiyeza, timangopendeketsa botolo mpaka tomato asambire. Yesani izi: botolo la malita awiri likatsegulidwa, lembani tsiku pakhoma. Ngati banja la anthu asanu lalimaliza m'milungu iwiri, ndiye kuti aliyense akumwa makalori oposa 200 patsiku a mafuta okhaokha. Ikani supuni pafupi ndi mbaula ndipo muuze aliyense wophika m'nyumbamo kuti ndiwo za banja lonse zilandire masupuni awiri basi. Masamba otendera ndi abwino, koma nsinjiro nazonso ndi mafuta, choncho mukatendera musathirenso mafuta. Nkhuku ndi nsomba muziwotcha kapena kuphika ndi msuzi kusiyana ndi kukazinga tsiku lililonse. Za mandasi, zitumbuwa ndi chipisi cha pachiwaya sindinena zambiri, mukudziwa kale mmene zimasambira.

Poti mwatchula BP, mcherenso muuyang'anire. WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi yosadzaza bwino, kuphatikiza womwe uli kale mu buledi, soseji ndi zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Chotsani mchere patebulo, ukhale wa m'poto wokha.

Tsopano nsima. Ayi, musaisiye.

Ndaona anthu ambiri akulumbira kuti nsima sadzadyanso. Masiku anayi oyamba amayenda monyada. Lachisanu madzulo njala imawagwira, n'kumaliza theka la buledi wopaka majarini, kapena mbale yodzaza mpunga poganiza kuti mpunga ndi chakudya chopepuka. Mpunga woyera ndi buledi woyera sizisiyana kwenikweni ndi nsima ya ufa woyera. Komanso m'nyumba ya ana atatu ndi bambo, simungamaphike miphika iwiri tsiku lililonse kwa chaka chonse. Njira yomwe simungaikwanitse mpaka Juni si njira.

Vuto lathu si nsima ayi, koma mmene tinaphunzirira kudya. Tinakula tikudziwa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo ndi zongothandizira kumeza. Mwana akatapa ndiwo zambiri ankadzudzulidwa. Kwa agogo athu zimenezi zinali zomveka, chifukwa akadya mitanda inayi ankakaitsitsa ndi khasu, mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya kuchitsime. Inu ndi ine timadya mitanda yomweyo n'kukakhala pa kompyuta. Ndiye tembenuzani mbaleyo. Theka likhale masamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, therere, kabichi, chilichonse chomwe chili pamsika. Gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba, dzira kapena nyama. Gawo lotsalalo ndiye la nsima. Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri. Pakatha mwezi yesani umodzi ndi theka. Yambani ndi masamba musanateme nsima. Ndipo muzidyera m'mbale yanuyanu, chifukwa pa mbale ya tonse palibe amene amadziwa kuti wadya zochuluka bwanji.

Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma ndinene zoona: makalori ake sasiyana kwambiri. Ubwino wake ndi gaga, amene amachititsa kuti chakudya chigayike pang'onopang'ono, mukhute nthawi yaitali, ndipo shuga asakwere mwadzidzidzi m'magazi. Mitanda inayi ya mgaiwa idzakunenepetsani chimodzimodzi. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amatiphunzitsa kusikelo ya ana akugwiranso ntchito pa ife akuluakulu, ndipo palibe gulu lomwe muyenera kulithamangitsa. M'mawa mbatata yophika kapena phala la mgaiwa ndi dzira zimakufikitsani masana bwino kuposa mandasi atatu. Kuntchito tengani chakudya cha kunyumba m'kontena, ndi nthochi kapena gwafa wa nthawi ya 10 koloko. Ino ndi nyengo ya mango: idyani awiri, osati beseni.

Tiyi wa mnzanu uja musagule. Ambiri mwa matiyi ogulitsidwa pa Facebook ndi WhatsApp amagwira ntchito potsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsikadi, koma chomwe chachoka ndi madzi, ndipo amabwerera mukangomwa. Kwa munthu wa BP, makamaka ngati mwayamba kumwa mankhwala, kutaya madzi ndi mchere wa m'thupi mwanjira imeneyi n'koopsa. Malamba omanga pamimba aja nawonso amangotulutsa thukuta. Thupi silichotsa mafuta pamalo pomwe mwaloza. Ngakhale mutachita masewera opinda mimba 200 patsiku, minofu ya pamimba idzalimba koma mafuta adzachoka thupi lonse pamodzi.

Ndiye kodi masewera alibe ntchito? Ali nayo yaikulu. Amatsitsa BP ngakhale sikelo isanasunthe, amathandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga, amateteza minofu kuti isathe pamodzi ndi mafuta, ndipo anthu amene achepetsa thupi n'kukhala osabwereranso nthawi zambiri amakhala oti sanasiye kuyenda. Malangizo a WHO a 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Apakatikati ndi aja oti mukutha kulankhula koma simungathe kuimba nyimbo ya kwaya.

Ndalamazo zikanakhala zanga, choyamba ndikanagula nsapato zoyendera. Za kaunjika zilibe vuto, bola mutembenuze muone kuti kunsi sikunadyeke mbali imodzi, ndipo muyese madzulo pamene phazi latupako. Chachiwiri tepi ya atelala. Chachitatu malamba a mphira otanuka aja, ngati mwawapeza, ndi kamphasa koyala pansi. Zitsulo zonyamula musafulumire nazo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mabotolo awiri a malita awiri ndi chigubu cha malita asanu muli nazo kale kukhitchini. Kukhala pampando n'kudzuka osagwira kanthu maulendo 12, kukankha khoma ndi manja maulendo 12, kukweza mabotolo aja m'mwamba maulendo 12, kupuma, n'kubwerezanso kawiri: mphindi 20 zakwana, Lachiwiri ndi Lachisanu. Ponyamula musamagwire mpweya, chifukwa zimenezo zimakweza BP nthawi yomweyo. Chingwe cha jingo ndi chotchipa ndipo chimatentha makalori kwambiri, koma pa makilogalamu 84 maondo anu angadandaule. Chisungeni, mudzachitola mtsogolo.

Koma mwafunsa kuti pa ziwirizi ndi chiti, ndiye ndiyankhe: njinga. Sifuna magetsi. Imanyamula kulemera kwanu, choncho maondo sapwetekeka. Imakwana pakona ya chipinda. Ikatha mphira kapena pedulo, wokonza njinga wa pamsika angayeseko, pamene treadmill ikapsa injini mwangotsala ndi choyanikira ngati changa. Ndipo ndalama zanu zikubwera mu Disembala, mvula itayamba. Kuyambira pamenepo mpaka Marichi misewu ya fumbi imasanduka matope, ndipo mayi sangayende yekha kunja kukadali mdima. Pamenepa njinga ya m'nyumba ili ndi mfundo yomveka.

Pogula, musaitanitse pongoona chithunzi. Pitani mukakwerepo mphindi 10, wogulitsa adikire. Onani ngati chishalo chimakwera ndi kutsika, kuti bondo lizitsala lopindika pang'ono chabe pedulo ikafika pansi. Funsani kulemera komwe njingayo imapirira, ndipo kukhale kopitirira kwanu ndi makilogalamu osachepera 20. Igwedezeni: ikamanjenjemera m'sitolo, kunyumba idzavina. Zomwe zimalimbitsa kupalasa ndi maginito sizisokosa ndipo sizitha msanga ngati zomwe zimakhuza gudumu ndi kansalu. Za kawindo kowerenga makalori musalipirepo ndalama yowonjezera, manambala ake amakonda kukometsa. Ndipo musanagule, dziyeseni kaye: yendani mphindi 30 masiku asanu pa sabata kwa mwezi umodzi, ngakhale kutsika minibasi masiteji awiri musanafike. Mukakwanitsa, njingayo mudzaigwiritsa ntchito. Mukalephera, makina sadzakudzutsani.

Za mulingo: BMI yanu, kulemera kugawa ndi msinkhu wochulukitsa ndi womwewo m'mamita, ikukwana 32.8, ndipo kuyambira 30 kupita m'mwamba achipatala amati kunenepa kwafika poika moyo pachiswe. Musaope. Simukufunika kubwerera ku thupi la pa ukwati. Kuchotsa 5 mpaka 10 pa 100 iliyonse ya kulemera kwanu, kwa inu makilogalamu 4 mpaka 8, kumasintha kale BP ndi shuga. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino. Sikelo ikwereni kamodzi pa sabata, m'mawa, tsiku lomwelomwelo. Tepi ija yezerani m'chiuno chapamwamba pang'ono pa mchombo, ndipo cholinga chakutali n'chakuti muzungulire osapitirira theka la msinkhu wanu, masentimita 80. Ngati akupatsani mankhwala a BP musawasiye chifukwa choti mwayamba masewera, ndipo mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena phuma lachilendo, imani mukaonane ndi adokotala.

Pali chinthu chimodzi chomwe simunafunse koma chikubwera. Kwathu kuno kunenepa ndi umboni woti pabanja pali mtendere. "Mwanenepa bwino, akukusamalanitu" ndi chiyamikiro. Mukadzachotsa makilogalamu asanu, wina kutchalitchi adzakukokerani pambali n'kufunsa motsitsa mawu ngati muli bwino, ndipo mukudziwa matenda omwe adzakhale akuganiza. Apongozi adzafunsa mwana wawo ngati kunyumba kukusowa ufa. Ndikudziwa amayi amene anasiyira panjira chifukwa cha mawu amenewa, osati chifukwa cha njala. Auzeni bambo a kunyumba ndi apongozi lero, thupi lisanayambe kusintha, kuti adokotala anena za BP ndipo mwayamba kusamala. Mawu oti "adokotala anena" amatseka pakamwa pa anthu ambiri, ndipo amathandizanso pa chinkhoswe akamakukakamizani Fanta wachiwiri.

Pa Khirisimasi idyani mpunga ndi nkhuku pamodzi ndi ana, tsiku limodzi silinenepetsa munthu. Yezani m'chiuno mawa m'mawa, lembani nambalayo kuseri kwa kabuku ka banki mkhonde, ndipo kumapeto kwa Febuluwale mundilembere mundiuze yomwe tepi ikuwerenga.